Kumenyera msonkhano waukulu wachilungamo m'zipani za ku America: malamulo, manambala ndi pamene zimavutira

Zaka zinayi zilizonse, chipani cha Democratic ndi cha Republican ku America zimachititsa msonkhano waukulu wosankha munthu wodzaimira chipani pa mpando wa pulezidenti. Dziko limaonera pa kanema masiku anayi a nyimbo, zikwangwani ndi zolankhula za akuluakulu, koma wopambana amakhala atadziwika kalekale. Nthawi yomaliza imene nthumwi zinabwereza kuponya voti chifukwa chosowa wopeza mavoti okwanira inali 1952 ku Democratic, pamene anasankha Adlai Stevenson, ndi 1948 ku Republican, pamene anasankha Thomas Dewey. Onse awiri anapambana pa ulendo wachitatu.

Ngakhale zili choncho, kawirikawiri pamadzuka gulu la mamembala wamba lonena kuti msonkhanowo ukhale wotseguka ndi wachilungamo. Magulu ambiri otere amagonja. Angapo anasintha chipani mpaka lero. Amene anaphulapo kanthu ndi aja anawerenga malamulo a chipani kudakali miyezi, nadziwa kuti m'komiti yakutiyakuti mufunika anthu angati, kalata yodandaula ipite kwa yani, ndipo ifike pofika tsiku liti.

Nthumwi zimachokera kuti

Kuyambira Januwale kapena Febuluwale mpaka Juni wa chaka cha chisankho, chigawo chilichonse mwa zigawo 50 za dzikolo, pamodzi ndi mzinda wa Washington ndi zilumba monga Puerto Rico ndi Guam, chimachita chipulula kapena misonkhano ya m'madera yotchedwa caucus. Zotsatira zake ndi zimene zimanena kuti wopikisana aliyense atenga nthumwi zingati. Mu 2016 chipani cha Republican chinali ndi nthumwi 2,472, ndipo wopambana anayenera kupeza 1,237. Mu 2024 cha Democratic chinali ndi nthumwi zochokera m'chipulula zosakwana pang'ono 4,000, ndipo zofunika zinali 1,976.

Kagawidwe kake nkosiyana. A Democratic amagawa nthumwi molingana ndi mavoti, koma wopikisana ayenera kupeza 15 peresenti, kaya m'chigawo chonse kaya m'dera la phungu mmodzi, kuti alandireko kanthu. A Republican amasiyira zambiri nthambi za chipani m'zigawo. Mu 2016 wopambana ku Florida anatenga nthumwi zonse 99, ku Ohio zonse 66, pomwe ku Pennsylvania nthumwi 54 mwa 71 zinasankhidwa popanda kumangidwa kwa wopikisana aliyense.

Pali chinthu china chimene ovota ambiri a ku America komweko sachidziwa. Chipulula chimanena chiwerengero cha nthumwi, koma anthu enieni okakhala pa mipandoyo nthawi zambiri amasankhidwa padera, pa misonkhano ya chipani imene kumabwera anthu ochepa. Ku Democratic wopikisana ali ndi mphamvu yoona mndandanda ndi kukana dzina la munthu amene akumukayikira. Ku Republican, m'zigawo zambiri alibe mphamvu imeneyo, choncho munthu womangidwa kuvotera wina pa ulendo woyamba akhoza kukhala kuti mtima wake uli kwa mnzake. Ted Cruz anagwiritsa ntchito mpata umenewu mu 2016. Ku Colorado, kumene chipani sichinachititse voti ya anthu onse chaka chimenecho, anthu ake anadzaza misonkhano ya m'madera n'kutenga nthumwi zonse 34 zimene zinkapikisaniridwa.

Tsono anthu akati "msonkhano wotseguka" amakhala akunena zinthu ziwiri zosiyana, ndipo nthawi zina zotsutsana. Ena amafuna kuti khomo lolowera litseguke, membala wamba akhale ndi mawu posankha nthumwi, mabwana a chipani asamangolemba maina a anzawo. Ena amafuna kuti nthumwi zimene zasankhidwa kale zimasulidwe, zivotere amene zikumufuna posatengera zotsatira za chipulula. Oyambawo akhala akupambana pang'onopang'ono kuyambira 1964. Achiwiriwo sanapambanepo chiyambire dongosolo la chipulula la masiku ano.

Mississippi, 1964

Pa nthawiyo chipani cha Democratic ku Mississippi chinali cha azungu okhaokha, ndipo anthu akuda ambiri ankaletsedwa ngakhale kulembetsa m'kaundula wa voti. Omenyera ufulu anakhazikitsa Mississippi Freedom Democratic Party. Sanangolemba kalata yodandaula. Anayamba apita ku misonkhano ya chipani chenichenicho m'madera, ndipo powabweza pakhomo kapena kuwabisira malo a msonkhano, ankalemba umboni wolumbirira. Kenako anachititsa misonkhano yawoyawo motsata ndondomeko yonse ya chipani, kuyambira m'madera ang'onoang'ono mpaka msonkhano wa chigawo chonse ku Jackson, nasankha anthu 68 opita ku msonkhano waukulu ku Atlantic City kukanena kuti nthumwi zovomerezeka za Mississippi ndi iwowo.

Pa 22 Ogasiti, Fannie Lou Hamer, mayi wolima thonje m'munda wa mzungu ku Sunflower County, anaima pamaso pa komiti yoona za kuvomerezeka kwa nthumwi nafotokoza mmene anamuthamangitsira pamundapo atayesa kulembetsa voti, ndi mmene anamumenyera m'chitokosi cha apolisi ku Winona. Pulezidenti Lyndon Johnson anaitanitsa atolankhani mwadzidzidzi kuti makanema achoke pa mayiyo, koma madzulo ake nyumba zoulutsa mawu zinaonetsabe umboniwo.

Loya wawo, Joseph Rauh, ankawerengera manambala awiri: mamembala 11 a komitiyo kuti nkhani ituluke ipite kwa nthumwi zonse, ndi zigawo zisanu ndi zitatu zopempha kuti voti iwerengedwe poyera chigawo ndi chigawo. Anthu a Johnson anayendera mamembala a komiti mmodzimmodzi mpaka chiwerengero chinatsika. Anapereka mipando iwiri yokha, ndipo anachita kusankha okha oti akhalepo. A Hamer ndi anzawo anakana. Komabe anabwerako ndi lonjezo lolembedwa loti mtsogolo chipani sichidzalandiranso nthumwi zosankhidwa mwatsankho, ndipo mu 1968 gulu la akuda ndi azungu ogwirizana ndi limene linakhala pa mipando ya Mississippi.

Voti imene anthu ambiri sanaione ku Chicago

Chaka cha 1968 chimakumbukiridwa chifukwa cha apolisi a mumzinda wa Chicago amene anamenya achinyamata otsutsa nkhondo ya ku Vietnam. Nkhani ya malamulo inayambira kumbuyo. Senator Eugene McCarthy, amene ankapikisana ndi Johnson mu Democratic potsutsa nkhondoyo, anapeza 42 peresenti ku New Hampshire m'Malichi, Johnson analengeza pa 31 Malichi kuti saimanso, ndipo Robert Kennedy anawomberedwa m'Juni atangopambana ku California. Wachiwiri kwa pulezidenti, Hubert Humphrey, sanapikisane nawo m'chipulula ngakhale chimodzi, koma anasankhidwa ndi mavoti oposa 1,700 pamene McCarthy anapeza 601. Ku Pennsylvania McCarthy anapambana kutalitali pa voti ya anthu, koma nthumwi zambiri za kumeneko zinapita kwa Humphrey. Ku Georgia nthumwi zinasankhidwa ndi wapampando wa chipani mogwirizana ndi bwanamkubwa Lester Maddox.

Allard Lowenstein anasonkhanitsa otsutsa pansi pa dzina la Coalition for an Open Convention, ndipo phokoso lawo linamveka. Koma ntchito imene inakhalitsa inagwiridwa ndi kagulu kochepa ka otsatira McCarthy a ku Connecticut, mmodzi wa iwo Geoffrey Cowan, amene panthawiyo ankaphunzira zamalamulo. Anapempha bwanamkubwa wa Iowa, Harold Hughes, kuti atsogolere komiti yosakhala ya chipani yofufuza mmene chigawo chilichonse chimasankhira nthumwi. Zimene anapezazo anazisindikiza n'kuzigawa kwa nthumwi msonkhano usanayambe. M'komiti ya malamulo anagonja, koma anali ndi anthu okwanira kulemba lipoti la mbali yogonja, limene malamulo amalola kuti likavoteredwe ndi nthumwi zonse. Usiku wina, pakati pa chipwirikiti, lipotilo linadutsa ndi mavoti 1,350 kwa 1,206. Linathetsa lamulo lokakamiza nthumwi zonse za chigawo kuvota monga mwa ochuluka pakati pawo, ndipo linalamula kuti nthumwi za 1972 zidzasankhidwe m'chaka cha chisankhocho, m'njira yopatsa membala aliyense mwayi wotenga nawo mbali.

Pamenepa ndi pamene panabadwira komiti ya chipani yokonzanso kasankhidwe ka nthumwi, yotsogoleredwa ndi Senator George McGovern, imene pambuyo pake inatsogoleredwa ndi Donald Fraser. Inapeza kuti nthumwi zoposa gawo limodzi mwa magawo atatu za mu 1968 zinali zitasankhidwa chakacho chisanayambe, anthu asanadziwe n'komwe amene adzapikisane. Mfundo zake 18 zikuoneka zazing'ono munthu ukamaziwerenga, koma iliyonse inatseka njira yodziwika ya chinyengo. Nthambi iliyonse ikhale ndi malamulo olembedwa oti aliyense awaone. Tsiku, nthawi ndi malo a msonkhano zilengezedwe kudakali nthawi. Munthu asavotere anzake amene sanabwere, chifukwa kale bwana mmodzi ankatha kutulutsa m'thumba makalata ambirimbiri n'kugonjetsa onse amene ali m'chipindamo. Ndalama zolipira pofuna kukhala nthumwi zisapitirire madola 10. Komiti yaikulu ya chigawo isasankhe yokha nthumwi zoposa 10 peresenti. Amayi, achinyamata ndi anthu akuda apezeke molingana ndi kuchuluka kwawo.

Zotsatira zinaoneka msanga. Amayi anachoka pa 13 peresenti ya nthumwi mu 1968 kufika pa 40 mu 1972, ndipo anthu akuda anachoka pa 5 kufika pa 15. Meya wa Chicago, Richard Daley, munthu wamphamvu kwambiri m'chipanimo, anachotsedwa pa msonkhano waukulu wa 1972 ku Miami Beach pamodzi ndi gulu lake la nthumwi 59 chifukwa chophwanya mfundozi, mipando yawo n'kupatsidwa gulu la William Singer ndi Jesse Jackson. Zigawo zambiri zinaona kuti njira yapafupi yotsatira malamulo atsopanowa ndi kungochititsa chipulula, ndipo popeza chipulula chimakhazikitsidwa ndi lamulo la chigawo, a Republican nawonso anakokeredwa momwemo. Zipulula zinali zosakwana 20 mu 1968, koma pofika 1980 zinaposa 30.

Kumasula nthumwi

Walira mvula walira matope. Mphamvu zitapita kwa ovota a m'chipulula, msonkhano waukulu unasanduka wongosindikiza chidindo pa zimene zachitika kale, ndipo amene akuona kuti chipani chikulowera kuphompho anasowa pogwira.

Mu 1980 Edward Kennedy anagonja kwa Pulezidenti Jimmy Carter m'chipulula, koma pofika Ogasiti chikoka cha Carter chinali chitatsika kwambiri chifukwa cha kukwera mitengo kwa zinthu ndi nkhani ya anthu a ku America ogwidwa ku Iran. Anthu a Kennedy pamodzi ndi aphungu ena oopa kuluza mipando yawo anayamba kampeni yofuna msonkhano wotseguka. Ankalimbana ndi lamulo lotchedwa F(3)(c), lonena kuti nthumwi ivotere amene inasankhidwira pa ulendo woyamba, ndipo ikafuna kupanduka ichotsedwe. Lamulolo linadutsa ndi mavoti pafupifupi 1,936 kwa 1,390, ndipo Kennedy anasiya mpikisano usiku womwewo. Chifukwa chake nchosavuta kumva. Ovota pa lamulolo anali nthumwi zomwezo zimene anthu a Carter anazisankha mosamala. Kupempha anthu otere kuti adzimasule kunali kuwapempha kuti ataye munthu wawo. A Republican anaona zofanana mu 1976 ku Kansas City, pamene anthu a Ronald Reagan anayesa kukakamiza Gerald Ford kutchuliratu amene adzaime naye ngati wachiwiri wake. Anagonja 1,180 kwa 1,069, ndipo voti yeniyeni inatha 1,187 kwa 1,070. Voti ya malamulo imangotsatira mzere wa voti ya munthu.

Kugonja kwa 1980 kunasiya zinthu ziwiri. Mu 1982 komiti ya Jim Hunt, bwanamkubwa wa North Carolina, inafewetsa lamulo lija, n'kulemba kuti nthumwi itsate maganizo a amene anaisankha monga mwa chikumbumtima chake. Komiti yomweyo inabweretsa nthumwi zapadera zotchedwa superdelegates, zimene ndi aphungu, abwanamkubwa ndi akuluakulu a chipani olowa chifukwa cha udindo, osamangidwa kwa aliyense. Ife tikuona kuti apa mabwana anabwezeredwa gawo la mphamvu zimene anataya mu 1972, ngakhale kuti nthumwi zimenezi sizinatembenuzepo zotsatira za chipulula. Vuto lake linali lakuti zinkalengeza mbali yawo chipulula chisanayambe, atolankhani n'kumaziphatikiza pa chiwerengero, ovota n'kumaona ngati mpikisano watha kale.

Otsatira Bernie Sanders analimbana nazo mu 2016, pamene zinalipo zoposa 700. Ku New Hampshire Sanders anapambana Hillary Clinton ndi mapointi oposa 20, koma pophatikiza nthumwi zapaderazi awiriwo ankaoneka ofanana. Anayambira pansi, kudutsitsa mfundo zotsutsa dongosololi pa misonkhano ya chipani m'zigawo monga Maine. M'komiti ya malamulo ku Philadelphia, pempho lothetseratu nthumwizi linagonja 108 kwa 58. Koma 58 inali yokwanira kutengera nkhaniyo kwa nthumwi zonse pamaso pa makanema, chinthu chimene akuluakulu sankachifuna. Anagwirizana zokhazikitsa komiti ya anthu 21 yotchedwa Unity Reform Commission, ndipo m'Ogasiti 2018 chipani chinavomereza kuti nthumwi zapadera zisamavote pa ulendo woyamba pokhapokha wopambana atadziwika kale. Panatenga zaka ziwiri, ndipo amene anayambitsa nkhaniyi sanapindule nayo pa chisankho chimene ankachimenyera.

Pamene wapampando ali ndi nyundo

Nkhani ziwiri za ku Republican zikuonetsa mmene gulu lokonzeka bwino lingagwere pa mphindi yomaliza. Mu 2012 otsatira Ron Paul anaphunzira ndondomeko ya misonkhano kuposa wina aliyense. Ankakhala mpaka usiku anzawo atapita kwawo, n'kutenga nthumwi zambiri ku Iowa, Maine, Minnesota ndi Nevada, ngakhale sanapambane voti ya anthu m'zigawozo. Lamulo 40(b) linkati munthu atchulidwe pa msonkhano ngati akutsogola m'zigawo zisanu. Pa msonkhano waukulu ku Tampa anthu a Mitt Romney, amene ankatsogola pa mpikisanowo, anachotsa theka la nthumwi za Paul za ku Maine kudzera m'komiti yoona za kuvomerezeka, ndipo lamulo lija analikweza kufika pa zigawo zisanu ndi zitatu. Malamulo atsopano anadutsa pa voti yofuula. Mbali zonse zinafuula mwamphamvu, koma wapampando John Boehner anagamula kuti ovomera apambana, ndipo zithunzi zinaonetsa kuti mawu a chigamulocho anali atalembedwa kale pa makina owerengera zolankhula. Patapita zaka zinayi chipani chinabwezera chiwerengero chija pa zisanu.

Mu 2016 ku Cleveland, gulu la Free the Delegates, lotsogoleredwa ndi Kendal Unruh, mphunzitsi wa ku Colorado, linafuna lamulo lolola nthumwi kuvota monga mwa chikumbumtima kuti liletse Donald Trump. Komiti ya malamulo ili ndi anthu 112, mwamuna mmodzi ndi mkazi mmodzi kuchokera m'gulu lililonse mwa magulu 56 a nthumwi. Kuti lipoti la mbali yogonja lituluke pamafunika masiginecha 28. Gululo linkanena poyera kuti lili pafupi kuwapeza, koma itafika voti yotsimikiza kuti nthumwi ndi zomangidwa, zotsatira zinali 87 kwa 12. Linatsala ndi njira imodzi, yopempha kuti malamulo onse avoteredwe chigawo ndi chigawo. Izi zimafuna masiginecha a nthumwi zoposa theka m'zigawo zisanu ndi ziwiri. Pa 18 Julayi anapereka mapepala, ndipo wapampando Steve Womack ananena kuti zigawo zisanu ndi zinayi zinapempha koma zitatu zabweza pempho, kotero zatsala zisanu ndi chimodzi. Mapepala atangofika m'manja mwa akuluakulu, anthu a Trump ndi a likulu la chipani anayendera osainawo mpaka okwanira anafafaniza maina awo. Senator Mike Lee ndi Ken Cuccinelli, amene ankafuna voti yowerengayo, anakuwa pa maikolofoni, koma nkhani inali itatha.

Cholakwika chachikulu cha gululi chinali chakuti linalibe munthu woti liike m'malo mwa Trump. Nthumwi imene ukuipempha kuti inyoze mavoti a anthu a kwawo imafunsa kuti tsono tivotera yani, ndipo yankho panalibe.

Funso lomwelo lomasula nthumwi linabweranso mu 2024 ku Democratic. Joe Biden atalephera kuyankhula bwino pa mtsutso wa pa 27 Juni, mamembala, opereka ndalama ndi aphungu anamukakamiza kuti asiye, ndipo anasiya pa 21 Julayi. Pamenepo nthumwi zake, zimene zinali pafupifupi zonse, zinamasuka mwalamulo. Ena monga Rosa Brooks ndi Ted Dintersmith anali atalemba kale ndondomeko ya mpikisano wachangu wa masabata ochepa. Khomo linali lotseguka ndithu: wofuna kupikisana anayenera kupeza masiginecha a nthumwi 300, osapitirira 50 kuchokera m'chigawo chimodzi, pofika pa 30 Julayi. Palibe wina wodziwika amene analowapo. Abwanamkubwa amene ankatchulidwa, monga Gretchen Whitmer, Josh Shapiro ndi Gavin Newsom, anatsatira Kamala Harris m'masiku awiri oyamba. Harris anali ndi mwayi wina woti thumba la kampeni ya Biden linali ndi dzina lake kale. Chipani chinachititsa voti pa intaneti kumayambiriro kwa Ogasiti ponena kuti chikuopa milandu yokhudza tsiku lomaliza loperekera dzina ku Ohio, ndipo Harris anapeza 99 peresenti msonkhano wa ku Chicago usanatsegulidwe pa 19 Ogasiti. Nthawi yoyenera kumenyera mpikisano inali 2023, pamene akuluakulu onse anasankha kusapikisana ndi pulezidenti wolamula.

Mu 2024 momwemo gulu la Uncommitted, lopempha anthu kuvotera m'chipulula cha Democratic nthumwi zosamangidwa kwa wopikisana aliyense, lokwiya ndi mmene boma linkachitira pa nkhondo ya ku Gaza, linaonetsa phindu lodziwa kagawidwe ka nthumwi. Ku Michigan linapeza mavoti oposa 100,000, amene anali 13 peresenti, osafika pa mlingo wa chigawo chonse. Koma linadutsa 15 peresenti m'madera awiri a aphungu n'kupeza nthumwi ziwiri. Ku Minnesota linapeza pafupifupi 19 peresenti ndi nthumwi 11. Nthumwi pafupifupi 30 zimene linafika nazo ku Chicago zinali zochepa kwambiri kuti zikakamize voti iliyonse, ndipo pempho lawo loti munthu wochokera ku Palestine alankhule pa nsanja linakanidwa.

Ntchito yake yeniyeni

Gulu lofuna kusintha zinthu liyenera kuyamba chaka chathunthu chisankho chisanafike. Ku Democratic nthambi ya chigawo chilichonse imalemba ndondomeko yake yosankhira nthumwi, n'kuiika poyera masiku 30 kuti mamembala aperekepo ndemanga isanapite ku likulu. Ndi anthu ochepa amene amaiwerenga, chonsecho m'menemo ndi mmene muli tsiku lomaliza lolembetsera kukhala nthumwi, malo a misonkhano ndi njira yosankhira oimira chigawo m'makomiti. Amene waphonya tsiku lolembetsa watha, kaya ali ndi anthu ochuluka bwanji kumbuyo kwake.

Kenako pali makomiti atatu: ya malamulo, yoona za kuvomerezeka kwa nthumwi, ndi ya mfundo za chipani. Anthu atsopano amathamangira yachitatuyi chifukwa ndi kumene kumakambidwa nkhani zowakhudza mtima, koma mphamvu zili m'ziwiri zoyambazo. Mamembala ake ambiri amasankhidwa pa kamsonkhano ka nthumwi za chigawo chilichonse, kamene kamatha m'mphindi zochepa ngati palibe wokonzeka kupereka dzina lina. Gulu lochepa lisayembekezere kupambana m'komiti. Cholinga chake chikhale kufika pa gawo limodzi mwa magawo anayi lotsegula njira ya lipoti la mbali yogonja, chifukwa akuluakulu amalolera kukambirana pofuna kupewa mkangano wa pa kanema.

Powerenga anthu, owerengedwa ndi okhawo amene asaina, ndipo ngakhale iwowo ena adzabwerera m'mbuyo. Nthumwi zambiri ndi makhansala, ogwira ntchito za chipani, kapena ofuna kudzaima pa mpando mawa, ndipo foni imodzi yochokera kwa bwanamkubwa imakwanira. Ngati pakufunika zigawo zisanu ndi ziwiri, gulu lipite ndi zoposa pamenepo, ndipo m'chigawo chilichonse masiginecha apitirire theka ndi anthu angapo, osati mmodzi. Lidziwiretu mlembi wolandira mapepala, pamene amakhala, ndi ola lomaliza. Lisunge makope. Likhale ndi munthu wodziwa ndondomeko ya zokambirana pafupi ndi maikolofoni ya chigawo, poti voti yofuula ikangogamulidwa, mpata wopempha kuwerenga umakhala wa masekondi.

Madandaulo nawo ali ndi njira yake. Ku Democratic dandaulo lokhudza kasankhidwe ka nthumwi liyenera kusainidwa ndi mamembala osachepera 15 a m'chigawocho ndi kuperekedwa pasanathe masiku 15. Lofunika ndi umboni wa tsiku, malo, amene analipo ndi ndime ya lamulo imene yaphwanyidwa, monga anachitira a ku Mississippi. Ndalama nazo zimagwetsa anthu. Nthumwi imadzilipirira ulendo ndi hotela ya masiku anayi kapena asanu, choncho magulu a anthu wamba amayenera kusonkherana, apo ayi mipando imene anaivutikira imatengedwa ndi olowa m'malo.

Makhoti a ku America sathandiza kwenikweni pa nkhani zotere. Pa mlandu wa Cousins v. Wigoda mu 1975, wochokera ku mkangano wa Daley uja, khoti lalikulu linagamula kuti chipani ndicho chili ndi mawu omaliza pa za amene akhale nthumwi, ndipo linabwerezanso mfundoyi mu 1981 pa mlandu wa Wisconsin. Mlandu umene otsatira Sanders anasumira likulu la chipani unathetsedwa ndi khoti la ku Florida mu 2017. Mu 2016 nthumwi ina ya ku Virginia inapambana mlandu woti lamulo la chigawo lisaikakamize kavotedwe, koma malamulo a chipani anaimangabe.

Kuno kwathu

Zipani za ku Malawi nazo zimasankha mtsogoleri pa msonkhano waukulu, koma chipulula timachiona pa aphungu ndi makhansala, osati pa mpando wa pulezidenti. Nthumwi zimakhala anthu a maudindo m'makomiti a madera, maboma ndi zigawo, ndiye amene akuyendetsa makomitiwo ndi amene agwira msonkhano. Izi zikufanana kwambiri ndi America ya 1968 isanasinthe. M'Ogasiti 2024, Lazarus Chakwera ku MCP ndi Peter Mutharika ku DPP anadutsa opanda wopikisana nawo, Kondwani Nankhumwa atachotsedwa kale mu DPP kumayambiriro kwa chakacho. Mpikisano weniweni unaoneka ku UTM m'Novembala ku Mzuzu, kumene Dalitso Kabambe anapambana anzake angapo.

Kusiyana kumodzi nkwakuti makhoti athu amalowererapo chipani chikaphwanya malamulo ake omwe. Msonkhano wa MCP wa 2024 uli pafupi, High Court inathetsa chigamulo cha komiti yaikulu chimene chinkaletsa anthu ongolowa kumene m'chipani kupikisana pa maudindo. Membala wofuna msonkhano wachilungamo kuno ali ndi mafunso omwe aja a komiti ya McGovern oti afunse kudakali miyezi: malamulo a chipani akuti nthumwi ndi ndani, masankho a makomiti a m'madera anachitika liti ndipo anayang'anira ndani, ndalama zolipira opikisana waika ndani, ndipo mndandanda wa nthumwi uperekedwa tsiku liti kwa opikisana onse mofanana.